Chikumbu cha Marjory

Ndinali kutonola chimanga pakhonde pamene aphunzitsi a Jere anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, mwana wanga Marjory ali pambuyo pawo.

"Amayi a Marjory, mwana wapambana pa Manyamula ponse. Lachisanu akupita ku boma ku mpikisano wa sayansi."

"Yewo," ndinatero, manja ali pachitsononkho.

Zimene Marjory analembera mpikisanowo ndinkazidziwa, poti anandiwerengera mpaka makutu kuwawa. Ankayerekeza sikwidi, chinyama cha miyendo khumi chokhala pansi penipeni pa nyanja yamchere, ndi chikumbu chobiriwira chimene bambo ake anatola ku nkhalango ya Perekezi. Akuti zonse ziwiri zimabisala, n'chifukwa chake anthu sazidziwa. Ine ndinamuyankha kuti chobisala n'chopanda ntchito.

"Koma apite ndi chikumbucho," anatero aphunzitsi. "Za sikwidi mwana aliyense akukopera m'buku. Popanda chikumbu, malo ake apita kwa mwana wa ku Edingeni."

Ndinaika chitsononkho pansi. M'mawa womwewo, ndikuthira mankhwala m'matumba, ndinapeza chitini kuseri kwa chitseko, m'kati muli chinthu choyenda. Choyenda chilichonse pafupi ndi chimanga changa ndimaponyera nkhuku.

"Chadyedwa ndi thadzi lakuda lija," ndinatero.

"Amama, miyezi iwiri ndikuchidyetsa nthochi."

"Ukanalemba dzina pachitinipo."

Sanalire. Anangokhala pansi n'kumayang'ana zala zake, ndipo zimenezo zinanditopetsa kuposa kulira. Thadzilo linali lokhalo loikira pakhomo pano. Ndinalithamangitsa kuzungulira khola kawiri, chitenje chikumasuka, aphunzitsi atatchinga uku ndi chipewa.

Nditalipha ndinang'amba kathumba ka pakhosi. Munali madeya, timiyala, mutu wa chikumbu ndi phiko limodzi lathunthu, likunyezimira. Miyendo ndinapeza inayi.

Aphunzitsi anazitembenuza ndi kamtengo kwa nthawi yaitali.

"Akamata pakatoni, oweruza mpikisano alandira. Ndipotu m'buku muja akuti sikwidi wamkuluyo zidutswa zake ankazipezanso m'mimba mwa anamgumi."

"Ndiye mulembe zimenezo, thadzi langa lisafere chabe."

Marjory anatsuka zidutswazo m'kapu yanga ya tiyi, osandiyang'ana. Kenako anafunsa ngati angatenge chitenje changa chatsopano Lachisanu.

"Sosola nkhukuyo kaye," ndinamuuza. "Aphunzitsi asapite ndi njala."

Ndinakokera dengu pafupi. Chimanga chinali chisanafike ndi pakati pomwe.