Mtengo ndi Wanu, Dothi ndi Lathu

Pamene a Petro ankafika pakhomo pa mlongo wawo, a Emelda, anapeza alamu awo a Zakeyu ali m'dzenje mpaka m'chiuno. Ankakumba mozungulira mtengo wa manachesi, thukuta lili kamukamu. Kumsewu kunali ngolo ya a Laston, ng'ombe zikungobzikula ngati zauzidwa kale kuti lero kulibe ulendo.

"Alamu, mukufuna golide?" anafunsa a Petro.

"Ndikulongedza katundu," anayankha a Zakeyu osadzutsa mutu. "Afunseni alongo anuwo."

A Emelda anali pakhonde akuswa mtedza, nkhope ili gwa.

Nkhani yake inali ya mbuzi. Dzulo lake a Zakeyu anaiwala kutseka khola, kachitatu chaka chomwecho, ndipo mbuzi zinakamaliza nandolo yense wa kuseri. A Emelda atapsa mtima anati, "Tengani zanu zonse, mubwerere kwanu ku Thambani!" Mawu amenewa kwa Kanduku amamveka kawiri pamwezi, ndipo mkamwini wanzeru amangopita kubawo n'kubwerako dzuwa litapendeka. Koma a Zakeyu anawalandira ngati kalata ya ku boma.

Zawozo sizinali zambiri: bulangete, wailesi yomangidwa ndi mphira, ndi mtengowu. Anabwera nawo m'kachitini chaka chimene anakwatira, zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo. Tsopano unali utapitirira denga, ndipo manachesi ake ankawalimbirana amayi ogulitsa pa Boma.

"Mtengo waukulu chonchi n'kusamuka?" anadabwa a Petro, amene analinso nkhoswe ya banjalo.

"Umasamuka bwinobwino," anatero a Zakeyu monyadira. "Umaphata nthambi, umakumba patali, mizu ndi dothi lake umakulunga m'matumba. Alangizi anatiphunzitsa. Amene ankamvetsera, ankamvetsera."

Ndipo ntchito inayendadi. Dzuwa lisanafike pamutu, mtengo unali utapendekeka, chibulumwa cha dothi chachikulu ngati nkhokwe ya mtedza chitakulungidwa m'matumba a fetereza. A Laston anayamba kubweza ngolo chafutambuyo.

Apa m'pamene a Emelda anakutumula makoko pachitenje n'kudzuka.

"Achimwene, tandiuzani monga nkhoswe. Mtengowu ndi wa yani?"

"Ndi wa alamu. Anabzala okha, tonse tinaona."

"Nanga dothi?"

A Petro anakanda m'mutu. Anayang'ana dzenje, anayang'ana alamu awo, kenako anayang'ana ng'ombe ngati zingawathandize.

"Dothi... ndi la malemu amayi athu."

"Basitu. Atenge mtengo wawo, dothi alisiye. Lisachoke ngakhale lodzaza supuni."

A Laston anaseka mpaka chikwapu chinagwa. "Mtengo wopanda dothi, pofika ku Thambani ndiye kuti mwanyamula nkhuni, bwana!"

"Mayi a Lucia," anadandaula a Zakeyu kwa akazi awo, "dothi lokhali mpaka kundimana?"

"Munabwera nalo?"

"Ee, ndinabwera nalo! Linali m'kachitini!"

"La m'kachitinilo tengani. Chitini ndikubwerekani."

A Zakeyu sanafune kugonja anthu akuona. Anagwada, namasula thumba limodzi, n'kuyamba kuchotsa dothi kumizu ndi zala. Kamuzu kanathothoka. Kenanso kanathothoka. Pa kachitatu manja anaima okha. Anakhala chogwada akuyang'ana timizu toyerato.

Ndi a Laston omwe anasiya kuseka.

"Masamba akufota," anatero a Emelda, akulankhula ngati ndi nkhuku.

"Ndawaona."

"Mwangowaona basi?"

A Zakeyu anadzuka pang'onopang'ono, nakhosomola ngati munthu amene akufuna kulengeza za chitukuko.

"A Laston, bwererani nayo ngoloyo. Mtengo uwu sungayende nyengo ino. Ndadula mizu yambiri. Uyenera kuchira kaye."

"Kuchira kwake masiku angati?" anafunsa a Petro.

"Mtengo waukulu suchira msanga, alamu. Mvula ziwiri. Mwina zitatu. Ndiponso umafuna madzi m'mawa ndi madzulo, osaphonya."

"Wothirira ndani?"

"Ine sindithirira katundu wa munthu," anafulumira kunena a Emelda.

"Ndiye kuti mwini wake asakhale patali," anatero a Petro, akubisa mano ndi chipewa. "Chemwali, mukuti bwanji?"

"Za kumene munthu azigona, ine sindikudziwa. Ine ndikunena za dothi langa. Alibwezere lonse, ndipo alipondeponde bwino, ndikuwaona."

Amuna atatuwo anauimika mtengo, nauchirikiza ndi mphanda zinayi. A Zakeyu anakwirira dzenje lonse okha, akupondaponda ndi mapazi ngati akuvina. A Laston ananyamuka ndi ngolo yopanda kanthu, akuseka okhaokha, ndipo nkhani inafika kumsika iwo asanafike kwawo.

A Emelda anazungulira kuseri kwa khitchini n'kubwera ndi ndowa ziwiri. Anaziika pafupi ndi mapazi a amuna awo.

"Ziwiri?" anafunsa a Zakeyu.

"Kumjigo mukukudziwa. Mukathirira wanuwo, muthirirenso tomato wanga."

A Zakeyu ananyamula ndowa zonse ziwiri.