Mowa pa Makina a Boma

"Pang'onopang'ono, abambo inu! Si thumba la mbatata limenelo!" anakuwa Nieves Calcina, amuna anayi akukankhira chibokosi pakhomo.

Atang'amba makatoni, chipinda chonse chinaphulika ndi phokoso. Azimayi makumi awiri, zipewa zili pamutu, anaunjirira makinawo, wina kuomba m'manja, wina kudumpha ngati mwana. Anali makina opeta maluwa pansalu, a singano khumi ndi ziwiri, okhala ndi kakompyuta pambali. Ntchito ya mlungu wathunthu ankaitha pa ola limodzi.

Zaka zinayi Nieves anakhala akugogoda m'maofesi, kupemphera thandizo bungwe lake lophunzitsa azimayi a mumzinda wa El Alto kuyamba mabizinesi. Chaka chino boma linatsegula thumba la mabungwe otere, ndipo iwo anapata. Mayi aliyense adzakhala ndi tsiku lake pamakinapo, n'kumagulitsa nsalu m'dzina lake. Chinatsala n'chimodzi: masana mkulu wa boma abwera kudzaona makina akuyenda m'manja mwa eni ake. Akapanda kuona zimenezo, makinawo apita ku bungwe lina.

"Mayi Gregoria, akulu pano ndinu. Khalani pampando muyambe," anatero Nieves.

Gregoria Tarqui, amene anapeta nsalu ndi manja zaka makumi anayi, anapinda mikono.

"Ndikhale pachinthu chosathirira? Mwana iwe, chimene ndinalowa osachita ch'alla, mwambo wathu wothira mowa, ndi ukwati wanga wokha, ndipo unaona mmene unathera."

Azimayi anafa nacho chiseko. Nieves sanaseke. Ku El Alto chinthu chatsopano, kaya nyumba kaya minibasi, sichiyamba ntchito asanachithire mowa kuti Pachamama, mwini nthaka, ayambe kumwa ndiye.

"Pepala la boma likuti ngakhale dontho la tiyi lisayandikire makinawa," anatero. "Akamva fungo la mowa atilanda."

"Boma limamwa lokha, ife n'kumatiletsa," anayankha Gregoria. "Unalira mvula, mwanawe. Matope ndi amenewa."

Nieves anatembenukira kwa Basilia, mtsikana amene anapita kukaphunzira kayendetsedwe ka makinawo.

"Basilia, iwe ndiye sungandichititse manyazi."

"Achemwali, alamu anga anagula takisi osaithirira. Tsiku lachitatu inali m'ngalande, matayala kumwamba. Manja angawa ndikuwafunabe."

Palibe anasuntha. Makina anali phuliphuli pakati pa chipinda, mpando wake uli wopanda munthu, ndipo kunatsala mphindi makumi awiri kuti mkulu wa boma afike. Nieves anaona kuti akawakaniza, mkulu uja apeza makina ali zii. Akawalola, apeza mowa. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Anazula chingwe cha magetsi. Anavula nsalu yake yapaphewa, ya paphwando yeniyeni, n'kukulunga nayo kakompyuta ndi mawaya onse.

"Tithira miyendo ya makina yokha! Amene anyowetse singano andiona. Wina athamange akagule mowa."

Gregoria anangomasula mtolo umene anabereka kumsana. Munali mabotolo awiri, tambula, ndi timapepala tamitundumitundu towaza.

"Kani munabwera nazo kale?"

"Unkayesa ndabereka mwana pa msinkhu uno?"

Nieves anakhutchumula botolo yekha, nathira mwendo woyamba. Thovu linayenderera pansi. Azimayi anakuwa, kuwaza timapepala, kuitana mwayi ndi makasitomala, wina mpaka kuyamba kuvina. Ali pa mwendo wachinayi, phokoso linaduka mwadzidzidzi.

Pakhomo panaima Bambo Limachi a ku boma, tayi pakhosi, faelo m'khwapa, nsapato zili m'thovu.

"Mayi Calcina, ndime yachisanu ya pepala lija munaiwerenga?"

"Ndinaiwerenga, bwana. Mowawu ndathira ndine. Ngati mukulemba dzina, lembani langa."

Bamboyo anayang'ana pansi, anayang'ana botolo lili m'manja mwa Nieves.

"Yatsani."

Nieves anapukuta manja, navundukula kakompyuta, nalumikiza chingwe. Gregoria anakhala pampando ngati mfumukazi. Basilia anadina batani. Kanthawi kochepa kunali chete, kenako singano zinayamba kuthamanga, gededegedede, ndipo duwa lofiira linayamba kutuluka pansalu yakuda anthu akuona.

"Mayo ine, taonani tsambalo! Latha kale!" anakuwa Gregoria. Chipinda chinagwedezeka.

M'chipwirikiti chomwecho mayi wina anadzaza tambula n'kuipereka kwa mlendo.

"Ndili pantchito, amayi," anatero Bambo Limachi. Koma dzanja linali litalandira kale, ndipo tambulayo isanafike pakamwa, linaipendeketsa lokha n'kudonthezera Pachamama pansi.

Gregoria sanaphonye.

"Tamuonani! Wa boma ndi tayi yekhayo. Munthuyo ndi wathu!"

Bamboyo anachita manyazi mpaka m'makutu, kenako anaseka, namwa. Anasanjika faelo pabondo n'kusaina.

"Ndalemba kuti makina akuyenda ndipo eni ake akuwagwiritsa ntchito. Za pansi pepalali silinafunse."

Galimoto yake isanakhote n'komwe, mkangano unali utabuka kale wakuti Lolemba likhala la ndani. Aliyense ankakuwira Nieves, aliyense anali ndi oda yofulumira. Gregoria anangokokera mpando pafupi, n'kuitanitsa ulusi wobiriwira.