Kaniza Onse

Mawaya anawononga zinthu ali pampando wometera tsitsi, laputopu ili pamwendo, mutu utametedwa theka. Anali katswiri wa netiweki pa depoti ya malole onyamula nyama, ndipo matama ake anali akuti iye ntchito amagwirira paliponse. Masana amenewo ankawonjezera lamulo mu fayawo, kabokosi kosankha makompyuta ololedwa kulankhula ndi seva, kompyuta yaikulu yoyendetsa zonse pa depotiyo. Kabokosiko kamawerenga malamulo kuyambira pamwamba, kakapeza loyamba lokhudza nkhaniyo sikayang'ananso ena. N'chifukwa chake lamulo loti "kaniza onse" limakhala pansi penipeni. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Diso lina lili pagalasi kuyang'anira wometa, Mawaya anaika lamulo lokaniza onselo pamwamba.

Laputopu inangoti zii. Anali atadzitsekera kunja, pamodzi ndi depoti yonse.

Mankhwala ake sanali ovuta. Lamulolo anali asanalisunge, ndiye kungothimitsa kabokosiko n'kukayatsanso, zonse zikanabwerera mwakale. Vuto linali kiyi wa chipinda cha seva, yemwe anali m'thumba mwake. Kiyi ameneyo sankabwereka munthu, ngakhale mwamuna wa mlongo wake, yemwe anali mlonda wa pageti.

Foni inalira. Anali mlamu wakeyo.

"Alamu, geti lakana kutseguka. Kompyuta sikutulutsa chilolezo ngakhale chimodzi, ndiye madalaivala akuti ndikuchitira dala. Fulumirani, anthuwa maso afiira."

Anakwera njinga yamoto mutu uli choncho. Atafika anapeza malole atandondozana padzuwa, geti lachitsulo lili gwa, poti limatseguka pokhapokha seva ikavomera. Madalaivala ankadziwa kuti nyama ikanunkha, woyamba kuchotsedwa ntchito ndi dalaivala. Anali atamukokera kale mlondayo kunja kwa kanyumba kake.

Wina wamtali, yemwe anzake ankamutcha Chibonga, anamugwira pakhosi n'kumumenyetsa mutu kugeti.

"Tsegula, galu iwe! Ukufuna tikupembedze?"

"Si ine, mabwana, ndi kompyuta!"

Wina anamuponda m'nthiti ndi jombo. Mlondayo atakweza mkono kutchinga nkhope, sipanala yomasulira matayala inatera pomwepo, fupa linamveka kuti thyo. Magazi ankayenderera m'kolala ya yunifolomu.

Mawaya anatsegula pakamwa kuti akuwe kuti wolakwa ndi iye. Koma anaona sipanala ija ikukwezedwanso. Anachita mantha ndipo anadutsa mozemba chakukhoma ngati wakuba nkhuku. Zachisoni ndithu, munthu wamkulu wandevu zake.

M'chipinda cha seva munali kuzizira. Anazula waya wamagetsi wa kabokosiko, anaubwezera, n'kudikira mpaka timagetsi tinayamba kuphethira mobiriwira. Kunja geti linalira, likutseguka.

Ukali wonse unathera pomwepo. Madalaivala anathamangira m'malole mwawo, aliyense kufuna kutuluka woyamba. Chibonga anakumana ndi Mawaya pakhomo, anamusisita paphewa, n'kumusiyira magazi pamalaya.

"Achimwene, inu ndiye mumaitha ntchito. Osati mbuzi ili apoyo."

Mawaya anagwada pafupi ndi mlamu wake, malole akudutsa n'kuwathira fumbi. Diso limodzi la mlondayo linali litatupa mpaka kutsekeka, mkono utapindikira kolakwika. Mlondayo anamukoka malaya ndi dzanja linalo, akulankhula movutikira chifukwa cha mano othyoka.

"Alamu, pepani, ndakuvutitsani. M'mawa ndimapukuta fumbi pakompyuta yapagetiyi, mwina ndinagwedeza waya. Chonde musawauze abwana. Akandichotsa ntchito, mlongo wanu ndi ana adya chiyani?"

Mawaya anamuyang'ana, manyazi akumuwotcha nkhope. Kenako anavula malaya n'kumupukuta magazi pakamwa.

"Musadandaule, alamu," anatero. "Sindiuza munthu."