Getipasi ya Katundu Wosalemera

Bambo Malizani anali kalaliki wa ofesi ya kumunda pa esiteti ina ya tiyi kuseri kwa Luchenza. Tsiku lililonse isanakwane folo koloko ankatumiza ku fakitale lipoti la masamba amene athyoledwa ndi mvula imene yagwa. Ankatumiza pa kompyuta yakale yotuwa, ndipo asanaiyatse ankayamba atsinzina pang'ono, milomo ikugwedera. Anthu ankawasiya amalize.

Lolemba kunabwera kalata yoti kuyambira Lachisanu intaneti ya pa esiteti iziyendera maadiresi atsopano otchedwa IPv6, ndipo kompyuta iliyonse yosawadziwa idzachotsedwa. A Malizani anaiwerenga kawiri. Ku ofesi ya kumtunda zinachitikapo chaka chatha: kompyuta yatsopano inabwera ndi kalaliki wake watsopano. Iwo anali atatsala ndi zaka ziwiri zokha kuti akapume mwaulemu.

Lachitatu m'mawa, chifunga chisanachoke m'mizere ya tiyi, anafika Zuleka, katswiri wa makompyuta wochokera ku Luchenza. A Malizani anamupatsa mpando wawo wa khushoni, iwo n'kukhala pa benchi.

"Madala, nkhani yake ndi iyi," anatero Zuleka akudina mabatani. "Manambala akale a pa intaneti anatha dziko lonse. Zili ngati ku komboni, nyumba zachuluka, manambala a pazitseko athera panjira. Ndiye anakonza ena ataliatali. Koma pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta iyenera kuwadziwa. Yanuyi sikuwadziwa."

"Yakalamba eti, mayi?"

"Kukalamba yakalamba, koma mtundu uwu umaphunzira ukapatsidwa apudeti, zowonjezera zatsopano za pulogalamuyo. Dikirani kaye. Munaipatsa liti apudeti?"

"Imapempha," anayankha a Malizani motsitsa mawu. "Sabata iliyonse imapempha. Ine ndimakana."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka khumi ndi chimodzi."

Zuleka anatembenuka ndi mpando womwe. "Chifukwa chiyani, madala?"

"Imati ikufuna kulowetsa zinthu. Pa esiteti pano katundu salowa popanda getipasi. Ndinalembera amanijala akale, sanandiyankhe."

Phwete linamuthawa Zuleka, koma ataona kuti bambowo sakuseka, analisandutsa chifuwa. Anapisa m'thumba natulutsa fulashi, kanthu kochepa ngati chala.

"Musadandaule. Zonse zili umu. Mphindi makumi anayi basi."

A Malizani anakayang'ana kanthuko mwachisoni. "Kadutsa bwanji pageti?"

Anaitanitsa a Goodson, mlonda wa pageti, amene anabwera ndi chibonga kukhwapa ndi buku la mafomu, nkhope ili gwa.

"Achemwali, ndinakufunsani ngati muli ndi katundu, munati ayi. Mukufuna mundichotsetse ntchito?"

"Pepani, achimwene. Ndimayesa mukunena katundu wooneka."

"Wosaonekayo ndiye woopsa," anatero a Goodson akunyowetsa pensulo ndi malovu. "Dzina la katundu?"

"Apudeti."

"Kulemera?"

Apa panavuta. Fomu inali ndi mzere wa kulemera, ndipo a Goodson sanasiyepo mzere wopanda kanthu chiyambire ntchito. Atatuwo anatsetsereka kupita pashedi, pamene azimayi othyola tiyi anali pamzere ndi madengu awo. Fulashi anaiika m'thumba la masamba n'kulikoleka pa sikelo. Muvi sunasunthe.

"Akalaliki, mwathyola zimenezi kuyambira m'mawa?" anakuwa mayi Ester ali kumbuyo kwa mzere. "Lero kapitawo akuthamangitsani!"

Shedi yonse inafa nacho chiseko.

"Katundu wosalemera sindingamulembe," anatero a Goodson. "Akadzasowa ndidzati wasowa chiyani?"

Mayi Ester yemweyo anatuluka pamzere, natapa masamba odzaza manja awiri m'dengu lake, n'kuwaponya m'thumbamo. Muvi unagwedezeka pang'ono.

"Lembani hafu kilo, abambo apite akagwire ntchito."

A Goodson analemba hafu kilo. Kenaka anatembenuza fomu. "Siginecha ya amanijala."

Amanijala anali ku Blantyre ku msonkhano, obwera Loweruka. A Malizani anayang'ana pansi. Loweruka ndiye kuti Lachisanu ladutsa.

"Amanijala akachoka amasaina ndani?" anafunsa Zuleka.

"Kalaliki wamkulu," anayankha a Goodson.

"Kalaliki wamkulu ndi ndani?"

A Goodson anakanda kumutu ndi pensulo, kenaka anailoza pang'onopang'ono kwa a Malizani. Chimwalirire a Elijah, kalaliki wamkulu wakale, zaka khumi ndi zitatu zapitazo, panalibenso kalaliki wina pa ofesiyo.

"Iii, akalaliki!" anatero mayi Ester atagwira pakamwa. "Zaka zonsezi mumadzidikira nokha?"

A Malizani anasaina, makutu akutentha.

Ku ofesi Zuleka analowetsa fulashi ija. Kompyuta inalira ngati chigayo, inazima, inayaka, inazimanso. Kachitatu sikirini inada bii kwa nthawi yaitali. A Malizani anatsinzina. Sanapemphe zambiri, anangoti ngati n'kotheka, Ambuye, zaka ziwirizo. Zuleka anasiya kudina mabatani mpaka bambowo atatsegula maso.

Atatsegula, pa sikirini panali mzere wautali wa manambala osakanikirana ndi zilembo.

"Ndi imeneyo adiresi yanu yatsopano. Tatumizani lipoti tione."

Anatumiza. Posakhalitsa foni inalira, a Joan a ku fakitale akufunsa chimene lipoti lafulumirira chonchi lero.

Zuleka atayamba kulemba fomu yake yopita ku likulu, a Malizani anakhosomola.

"Mayi, mulembamo chiyani?"

"Kuti kompyuta yalandira IPv6, siyofunika kuchotsa. Ndiponso kuti pa esiteti yonse ndi yokhayi ndaipeza yopanda fumbi m'kati."

"Nanga za zaka khumi ndi chimodzi zija?"

"Fomu yanga ilibe mzere wa zimenezo, madala."

Panja mvula yowaza inali itayamba. A Malizani anatenga ambulera yawo namuperekeza mpaka pamsewu pokwerera kabaza, ambulerayo atapendeketsera kwa iye. Phewa lawo linanyowa lonse. Anabwerera mofulumira, chifukwa masamba a masana anali atayamba kale kufika pashedi.