Zida Zanga M'bokosi la Maliro

Munthu wina wovala suti anandipatsa ntchito yokhoma madesiki. Ndinakongola matabwa, ndinakongola ndalama kubanki, ndinakhoma. Iye anabwera ndi lole, napakira madesiki onse, akuti cheke mawa. Mawa lakelo mpaka pano silinache.

Amene anabwera ndi angongole. Wamatabwa ankayima pakhomo la shedi n'kumayang'ana zida zanga ngati akusankha nsapato pamsika. Nditamva kuti akufuna kunditumizira masherifu odzalanda katundu, ndinatola sowo, hamala, pulena ndi matchizulo n'kuziika m'bokosi la maliro limene linakanika kugulidwa, ndinakhomerera chivundikiro ndi mwala. Ndani angatsegule bokosi la maliro? Zidazo zinapulumuka, koma ntchito inaima. Kalipentala wopanda sowo ndi nkhalamba chabe.

"Abambo, mwaika maliro a ntchito musanafe," anatero mkazi wanga. "Pitani kuofesi ija yothandiza anthu pa zamalamulo. Salipiritsa."

"Chaulere chili ndi mbedza mkati," ndinayankha.

"Ndiye khalani, tizidya mbedzayo."

Ndinapita. Ofesiyo ili pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Benchi yodikirirapo inali yogwedera, yokhomedwa ndi munthu wosaopa Mulungu. Amene anandiitana anali mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri.

"Tiyambe ndi mtengo," ndinatero ndisanakhale.

"Pano palibe mtengo, bambo. Kukhoti kokha kuli kandalama kolembetsera, ndikuuzani kuchuluka kwake musanaponde phazi kumeneko."

Ndinafotokoza zonse. Iye anati choyamba tiyese kukambirana ndi angongolewo kuti ndizibweza pang'onopang'ono. Ndinaseka. Pang'onopang'ono wa chiyani? Pamenepo anandiuza njira ina. Munthu amene ngongole zamupitirira msinkhu amatha kupempha khoti limulengeze kuti walephera kubweza. Amalemba onse amene ali nawo ngongole ndiponso katundu wake yense. Khoti likavomera, limaika munthu woyang'anira katunduyo. Iyeyo amagulitsa zogulitsika n'kugawira angongole, ndipo iwo amasiya kugogoda pakhomo panu, amapita kwa iye.

"Si zokoma ayi," anatero. "Dzina lanu lidzadziwika, ndipo kukongolanso kudzavuta kwa zaka ndithu."

"Wondikongoza ndani, mwananga? Ngakhale machesi sandipatsa."

Kenako anandiyang'ana m'manja. "Zida zanu zili kuti?"

"Zinabedwa."

"Pepani. Ndafunsa chifukwa kubisa katundu ndi mlandu, bambo, kungawononge pempho lonseli. Komanso n'zachisoni kuti zinabedwa. Zovala, zofunda ndi zida zimene munthu amadyera, lamulo silimulanda."

"Mwati bwanji?"

"Sowo ndi hamala amakusiyirani. Akakulandani, mudya chiyani?"

Sindinakhulupirire. Ndinamuuza andionetse pamene zalembedwa. Anatsegula buku, ndinawerenga ndekha ndi chala, pang'onopang'ono, monga tinkachitira kupulayimale. Zinalipo.

"Nanga bokosi la maliro?" ndinafunsa.

"Muli munthu?"

"Muli zobedwa zija."

Anaseka mpaka anagwira tebulo. "Bokosilo ndi malonda, lidzagulitsidwa. Za m'katimo tulutsani lero, tizilembe poyera."

Nditafika kunyumba ndinasowa chozulira misomali, poti hamala inali m'kati momwemo. Ndinachita kubwereka kwa wowotcherera zitsulo woyandikana nane, amene anafunsa ngati malemu asintha maganizo. Chivundikiro chitatseguka, pulena anali atayamba dzimbiri m'mphepete. Ndinamupukuta ndi malaya.

Mkazi wanga anaima pakhomo la shedi, manja m'chiuno. "Bokosilo likupita?"

"Likupita."

"Zikomo. Ndimayesa mwasungira ine."

Wa suti uja sindinamukhululukire, ndipo khoti sindinalione, pempho langa langolowa kumene. Koma tsiku lomwe ndinatsegula bokosilo, masana ake ndinanola sowo. Mawa lake ndinanyamula hamala ndi guluu, ndinakwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya mankhwala, ndinakonza benchi ija. Zaulere ine sindizikonda.