Mawu Osasa mu Nkhungu ya ku Masasa

Nkhungu ya Juni ku Mzuzu ilibe chibwana. Imameza nyumba ya mnzako iwe ukuona. M'mawa wina wotero, m'chaka cha 1976, Marjorie NyaChirwa wa ku Masasa anatsegula chitseko kuti akatunge madzi, ndipo anaona munthu ataima pansi pa mtengo wa paini kumapeto kwa bwalo. Anali atafunda bulangeti mpaka kumutu, ali njo, osasuntha.

"Marjorie," anaitana munthuyo. Mawu ake anali osasa ngati akuchokera m'chitsime.

Ndowa inamupulumuka m'manja. Anamenyetsa chitseko n'kutsamiritsapo mtondo. Mawuwo ankawadziwa. Anali a mwamuna wake Overtoun, amene maliro ake anali atalira kalekale.

Overtoun anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Uthenga wa imfa yake unabwera ndi Ackim, mnzake wa kumudzi, amene anamva kwa munthu wina m'sitima kuti mgodi unagumukira anthu ndipo Overtoun anali momwemo. Palibe anapita kukafunsa ku ofesi yolemba anthu a ku migodi. Masiku amenewo a chipani chimodzi, kufunsafunsa m'maofesi kunali kuputa mavu, choncho aliyense anangoti zamveka. Achibale anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kukaliika m'manda kwawo ku Nkhata Bay monga amachitira ndi munthu wofera kutali.

Nkhungu itayera, munthu uja anali atasowa. Marjorie anathamangira kwa Peggy, mlongo wake wa Overtoun, mayi amene sankasowa yankho ngakhale pa zimene sakuzidziwa.

"Musayankhe, alamu!" anatero Peggy, maso ali tong'o. "Wakufa akakuitanani inu n'kuvomera, basi, wakutengani. Wazani mchere pakhomo ndipo musamuyang'ane kumaso. Ine mlongo wanga ndinamuika ndekha."

Marjorie anawaza mchere, koma munthuyo sanaleke. M'mawa uliwonse ankaima pomwepo, kuitana kamodzi kapena kawiri, kenako n'kutsokomola chifuwa chachitali chimene chinkamveka ngakhale munthu atatseka makutu. Anansi anayamba kulambalala njira ya pamenepo. Amuna ena olimba mtima anamugenda ali patali, iye n'kubwerera pang'onopang'ono m'nkhungu. Marjorie analeka kudya. Mantha anali nawo, inde, koma chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti mtima wake unkafuna kuyankha.

Nkhaniyi inawapeza a Fyson Kamanga, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yapafupi, munthu amene sankatha kupempha ngakhale madzi akumwa osaponyamo Chingerezi. Anafika masana, jekete ili pamkono.

"Monire, a NyaChirwa. Ndamva kuti mukuchezeredwa ndi wakufa. Thupi la amuna anu analiona ndani?"

"Palibe, asambizgi. Anatiuza ndi a Ackim."

"A Ackimwo analiona?"

"Iwonso anachita kumva."

A Kamanga anapukusa mutu. "Ndiye kuti munaika m'manda mphekesera. Mama, pa Chingerezi pali mawu akuti verify, kutanthauza kutsimikiza kuti chinthu ndi choona. Angerezi anawatenga kwa Afalansa, koma gwero lake ndi Chilatini. Ndi mawu awiri olumikiza: ena otanthauza choona, ena otanthauza kuchita. Akalewo ankadziwa kuti choona sichikupeza utakhala pampando. Umadzuka, kupita, kukaona, kukagwira ndi dzanja. Inu nonse mwangogwiritsa ntchito makutu basi."

"Zanu za m'mabukuzo mzukwa suzidziwa," analowerera Peggy, amene anali pomwepo. "Mukufuna alamu anga atengedwe?"

"Chiyambire, a Peggy, munamvapo mzukwa ukutsokomola? Nanga mzukwa umathawa mwala? Mawa ndibwera. Ngati ndi wakufadi, ayambe watenga ine."

M'mawa mwake nkhungu inali yochindikala kuposa masiku onse. A Kamanga anaima pakhonde n'kuyang'ana kumtengo kuja. Munthu uja sanali chiimire. Anali atakhala pansi, atatsamira mtengo, ndipo sanaitane.

Chete ameneyo ndi amene anamutulutsa Marjorie. Anadutsa pa mchere uja, udzu wonyowa ukumuzizira kumapazi, Peggy akukuwa kumbuyo. Atafika anagwada n'kuvundukula bulangeti. Nkhope inali ya Overtoun, yowonda, ili ndi chipsera chachikulu kuchokera pamphumi mpaka pakhosi. Anatambasula dzanja n'kumugwira patsaya. Linali lotentha ngati simbi.

"Ndimati nawenso undigenda," ananong'ona Overtoun.

Marjorie analira kulira kumene sanalire ngakhale pa maliro aja. Ali pamachira popita kuchipatala, Overtoun anafotokoza modukizadukiza kuti anamufukula mumgodi ali moyo, ndipo anagona nthawi yaitali m'chipatala cha kumeneko osatha kulankhula. Atafika ku Mzuzu, aliyense womudziwa ankamuthawa, choncho ankagona mu uvuni wakale wa njerwa kuseri kwa mitengo.

Namwino atamuyeza anamuitanira Marjorie pambali. "Mama, fumbi la mumgodi linawononga kale mapapo, koma chimene chikuwamaliza ndi chibayo cha kugona panja m'chisanu chino. Mukanabwera nawo tsiku limene anafika, tikanalankhula zina."

Overtoun sanathe sabata. Anamwalira masana, dzanja lake lili m'manja mwa mkazi wake. Peggy atatsegula pakamwa kuti ayambe kubuma, Marjorie anamuletsa ndi diso. Sanalole munthu aliyense kulira mpaka atalimva yekha dzanjalo likuzizira.

Phunziro: Zakumva zimapweteka. Nkhani ikakhudza moyo wa munthu, tisaiweruze ndi makutu okha kapena ndi mantha. Tipite, tikafunse, tikaone tokha nthawi ikadalipo.