Mchere wa ku Nacala

Malaiti anali atapita dzulo lake masana, ndipo kapampu kopopera mpweya m'thanki yagalasi ya Boaz kanali zii. Kutacha, Molly, mkazi wake, anapeza kansomba kamodzi katafa, madzi atachita mbuu. Kunali kotentha kale, kutentha kwa Okutobala wa ku Chipata.

Boaz anali dalaivala wa thiraki. Nkhondo itatha ku Mozambiki, anzake ankabwera ndi zitenje ndi mawailesi kuchokera ku doko la Nacala. Iye anadutsa pa malire a Mwami ndi chigubu cha madzi amchere, muli tinsomba tatitali ngati udzu wofolerera, kamwa ngati kapaipi. Komboni yonse ya Kapata inaseka, poti sitikanakwana ndiwo ya mwana mmodzi. Koma mwiniwake ankatikonda ngati ana, amene m'nyumbamo munalibe.

Kusowa kwa anako ndi kumene kunabweretsa a Dailes, amake Boaz, kuchokera ku Madzimoyo. Ponyamuka ankati akudzaonetsa miyendo kuchipatala, koma mwana wawo atangopita paulendo analankhula mosapsatira: mwezi uno ukapitanso pachabe, akaitana malume ake a Boaz, ndipo ku Chiparamba kuli mtsikana wina woti Boaz akwatire, dzina lake Tamiwe. Molly anali atapita kuchipatala kangapo, madokotala osampeza vuto. Boaz anakana kupondako, ndipo palibe anamukakamiza.

Kufunsa sankafunsa, mayi aja. Ankangokhala pakhomo la khitchini kuona amene athire mchere m'ndiwo. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, amapempha wina, kuopa kudula a m'nyumba. Ulendo uno mwezi unachedwa, Molly nkumathira yekha tsiku ndi tsiku, mpaka apongozi anayamba kumulandira chidebe akamachokera kumpopi. Ndiye m'mawa umenewo, mwezi uja unafika. Molly analira mwakachetechete kubafa, nasamba kumaso.

Za ndiwo akanazemba, poti kapenta wadzulo anatsala. Nsomba ndiye sizikanadikira. Boaz anali atamuuza kuti madzi akaipa achotse ena, asungunule mchere wa ku Nacala m'chidebe mpaka pa mzere wa kapu, athiremo pang'onopang'ono. Kansomba kamene Boaz ankakanyadira, kamimba yodzaza mazira, kanali katakwera pamwamba, kakupuma mofulumira.

Molly anatunga madzi, anamasula thumba la mchere, dzanja nkuima m'malere.

Mwana wa mphunzitsi ameneyu, woimba kwaya, wodziwa bwino kuti palibe namkungwi anatchulapo nsomba za m'galasi! Komabe mantha anamugwira. Nanga zikafa atathira iye, adzamuuza chiyani Boaz? Ndipo akathira apongozi akuona, ndiye kuti wanena bodza, madzulo athirenso m'ndiwo za mayi wokalamba. A Dailes anali pampando chapafupi, akusenda nyemba, diso lili pa iye.

"Manje mwaima bwanji, a Molly? Si mwati zikufa?"

Zaka zonsezi ankamuitanabe dzina lake lapaubwana, poti panalibe mwana womutchulira.

Kansomba kaja kanapendekeka, nkudziwongola, nkupendekekanso. Molly anagwada, kapu ili m'manja awiri.

"Amayi, ndithirireni mchere."

Nyemba zinasiya kugwa m'mbale. A Dailes anamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope ikugwa pang'onopang'ono. Panalibenso chofotokoza. Anadzuka akubuula ndi miyendo yawo, natenga kapu ija.

"Mpaka pati?"

"Pa mzerepo."

Anathira, Molly nkuvundula mpaka mchere wonse unasungunuka. Anachotsa madzi oipa ndi kapaipi, nayamba kuthira atsopano, kenaka kumatunga ndi kapu nkumagwetsa kuchokera m'mwamba kuti mulowe mpweya. Mkono unalema, thukuta likuyenderera m'khosi. A Dailes anamulanda kapu napitiriza. Ankalandizana chomwecho mpaka dzuwa linafika pamutu, aliyense akupewa maso a mnzake.

Kenaka kansomba kaja kanatsika, nkukaima pakati pa udzu wake, kakupuma bwino. A Dailes anawerama, mphuno pafupi ndi galasi.

"Onani mimba iyo," anatero ndi mawu owawa. "Ngakhale kanthu kopanda mnofu aka, Mulungu anakakumbukira. Kamkazi kamwayi."

"Si kakakazi, amayi. Ndi kamphongo."

"Musandiseke ine."

"Sindikuseka. Kakakazi kanaika mazira m'mimba mwa kamphongo, kanatha mbali yake. Zotsala zili kwa mwamuna. Akapanda kubereka, a Boaz amati vuto amaliyang'ana kwa mwamunayo."

Mawuwo atatuluka, Molly anachita mantha, koma sanawabweze. A Dailes anaimirira osatembenuka, kapu ikudontha m'manja.

"Anakuuzani yekha zimenezo? Boaz?"

"Amauza aliyense wobwera kudzaona nsomba."

"Koma kuchipatala anakana."

Molly anayamba kupukuta madzi amene anatayika pansi. Panja galimoto inadutsa, fumbi nkulowera pazenera. Mayi aja anabwerera pampando wawo, natola mbale ya nyemba, koma sanasende.

"Ndiwo zamadzulo ndithira ndine," anatero potsiriza. "Za malume ake zibadikira. Akabwera mwana wanga, miyendo yangayi akaiperekeza yekha kuchipatala, ndipo sitikatulukako dokotala asanamuone nayenso."